Tsitsi la m'Lamba wa Anacleto

Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana tsitsi. Anthu akamva choncho amayesa ndili ndi saluni, ndipo ndinatopa kalekale kuwafotokozera, moti azakhali anga ena anamwalira akudandaula kuti sindinawalukepo ngakhale kamodzi. Zoona zake n'zakuti ndimakhala m'kachipinda kozizira kuno ku Ayacucho, diso lili pa maikulosikopu, kuunika tsitsi, ubweya ndi ulusi zimene apolisi ndi ofukula mafupa amandibweretsera m'maenvulopu. Ndine Nélida Huaytalla. Ndakhala pampando umodzimodzi zaka makumi awiri ndi zisanu, msana unapindika, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Zimenezi anzanga angakuuzeni musanawafunse n'komwe.

Kuseri kwa chipinda changa kuli china chokulirapo, cha mashelefu. M'menemo muli makatoni, ndipo m'katoni iliyonse muli munthu amene sanadziwike dzina. Ndikamadutsa m'mawa ndimawapatsa moni. Sindichita nazo manyazi.

Katoni ya nambala 47 inafika chaka chatha. Abusa anapeza munthuyo m'phanga pamwamba pa mapiri, panjira yakale ya anthu opita kukatenga mchere, pamalo pamene ayezi anali atangosungunuka patapita zaka zambiri. Analibe bala lililonse. Zikuoneka kuti chipale chofewa chinamutsekereza, iye n'kulowa m'phangamo kuti adikire, n'kudikira mpaka kalekale. Kuzizira kunasunga bwino zovala zake: chipewa choluka, chofunda cha ubweya chotchedwa poncho, ndi lamba wamkulu wakuda wa timbalame tofiira.

Kawiri pachaka timayala zovala za anthu oterewa pamatebulo m'holo ya tchalitchi, kuti anthu a kumidzi abwere adzaone ngati angazindikire kanthu. Ndi tsiku limene ndimadana nalo, chifukwa ambiri amabwerera chimanjamanja. Tsiku lina loterolo kunabwera amayi awiri achikulire a ku Sallapata, mudzi wa ulendo wa maola asanu ndi awiri pa basi. Wamng'ono, amayi Eulogia, anali wonenepa ndi wolankhula osapumira. Wamkulu, amayi Domitila, anali wowonda ndi wofatsa, ndipo anali ndi tsitsi loyera mbuu, lolukidwa zingwe ziwiri zokhuthala zofika m'chiuno. Ine ndaona tsitsi lochuluka pamoyo wanga, koma limeneli ndinalicheukira kawiri.

Amayi Domitila anaima patebulo la nambala 47 nthawi yaitali. Sanalire. Anangoweramira lamba uja n'kulankhula naye motsitsa mawu, ngati mmene umafunsira munthu amene wachedwa kumsika.

"Anacleto, mchere uja uli kuti?"

Anacleto anali mwamuna wawo. Anakhala naye zaka zitatu zokha, kenaka tsiku lina mwamunayo ananyamuka ndi malama asanu ndi atatu, nyama zonyamula katundu za kumapiri kuno, kukatenga mchere, ndipo malamawo anabwerera okha. Kuyambira pamenepo panali patapita zaka makumi anayi ndi chimodzi. Amayi Domitila sanakwatiwenso. Chimene chinkawavuta kwambiri, anandiuza, chinali tsiku lokumbukira akufa mu Novembala, pamene banja lililonse limaikira akufa ake chakudya patebulo. Kumuikira mbale kunali ngati kumuphera dala, chifukwa mwina ali moyo kwinakwake. Kusamuikira kunali kumumana, chifukwa mwina anafa ndipo wabwera ndi njala. Choncho chaka chilichonse ankaika mbaleyo m'mawa, n'kuichotsa masana, n'kuibwezeranso, mpaka chakudya kuzizira. Ankafuna kumuika m'manda kwawo kuti nkhani ya mbaleyi ithe iwo asanafe.

Koma munthu sitimangomupereka chifukwa wina wamulozera chala. Wosaina kuti mafupa atuluke ndi mkulu woona za milandu, bambo Pariona, munthu wabwino mtima koma wokonda chidindo kuposa ana ake. Iwo anati timbalame tofiira si umboni, chifukwa theka la amuna a chigwa chimenecho amavala timbalame tomweto, ndipo banja lina linali litanena kale kuti lambayo ndi wa bambo awo, koma magazi anakana. Magazi a Anacleto panalibe poti tiwayerekeze. Anatoledwa ali khanda ndi anthu oyenda malonda ndi abulu ndi mahatchi, anakulira pamsewu, ndipo ndi amayi Domitila sanaberekepo mwana. Popanda umboni wina, katoni inkayenera kubwerera pashelefu.

Apa ndi pamene amayi Eulogia analumphira nkhaniyo. Anati umboni ulipo, ndipo uli m'lamba momwemo. Kwawo ku Sallapata mtsikana akamakwatiwa amameta tsitsi lake la m'kati, la kunkhongoku, n'kulipota pamodzi ndi ubweya wakuda, n'kulukira mwamuna wake lamba wolimba wochirikiza msana ponyamula katundu. Anati mkulu wawoyo anachita zimenezo, mudzi wonse ukudziwa, ndipo Anacleto akaledzera ankamenya palamba n'kumalumbira pa tsitsi la mkazi wake mpaka anthu kutopa naye. Anati tingoyeza tsitsilo basi.

Bambo Pariona anafunsa amayi Domitila ngati zinali zoona. Iwo anagwedeza mutu, maso ali pansi. Ine ndinayesa ndi chisoni.

Ndinawafotokozera kuti tsitsi laimvi silingandithandize kwenikweni, chifukwa mtundu wake unachoka, ndipo ndikufuna lakuda la pautsikana. Ndinanena monga mwa mwambo chabe, osayembekezera kanthu. Amayi Eulogia anandiyang'ana ngati ndine mwana wosalangidwa. Anati kodi ku tauni kuno tsitsi la m'chipeso timalitaya kuti? Kwawo salitaya. Amalikulunga pachala n'kulilowetsa m'ming'alu ya khoma, kuti munthu akadzafa mzimu wake usadzavutike kulitolera m'mapiri monse. Nyumba yakale ya Domitila ndi Anacleto denga linagwa, koma makoma adakalipo.

Patatha sabata anabwera ndi timipira ta tsitsi lakuda bii, tokulungidwa m'nyuzipepala, totoledwa pamaso pa wapolisi wa kumeneko monga ndinawauzira. Anabweranso ndi mbira yootcha ndi tchizi. Ndinawauza kuti lamulo silindilola kulandira mphatso kwa anthu a mlandu. Amayi Eulogia anati si mphatso, angoiwala pawindo, ndipo anaiwaladi.

Lolemba m'mawa ndinayala lamba uja patebulo. Ndinasolola kaulusi kamodzi kuseri kwake, ndinakatsuka, ndinakamasula ndi singano, n'kupatula ubweya padera tsitsi padera. Zala zanga zinayamba kudandaula diso lisanaone kanthu. Tsitsilo linali louma gwa, lokana kupindika. Ndinadziuza kuti ndi zaka ndi kuzizira, n'kuliika pakagalasi.

Tsitsi la munthu ukaliyang'ana pa makinawa limaoneka ngati kabango. Pakati pake pamadutsa kanjira kakuda kamene timati mtima, ndipo mwa munthu mtimawo umakhala wopyapyala, wodukaduka, nthawi zina osaoneka n'komwe. Ili linali lokhuthala kuwirikiza katatu la m'khoma lija, mtima wake wotakata, wosaduka. Ndinapaka kyutekisi woyera pakagalasi kena, ndinagonekapo tsitsilo, litauma ndinalimatula kuti ndione chidindo cha mamba ake a kunja. Kenaka ndinatenga kwina m'lambamo, malo asanu osiyana. Konseko yankho linali limodzi. Linali tsitsi la kumchira kwa hatchi.

Ndinaponya pensulo kukhoma. Ndinakwiyira makina, ndinakwiyira abusa amene anapeza phanga lija, ndinakwiyira katoni ya 47 chifukwa chosakhala Anacleto. Ndinapita pawindo kukadya tchizi chimene sindinalandire chija, ndipo ndili mkati motafuna ndinakumbukira maso aja oyang'ana pansi. Amene ananena za tsitsi sanali amayi Domitila. Iwo anangogwedeza mutu.

Ndinapita kwa bambo Pariona. Anamvetsera, anavula magalasi, nati ndilembe lipoti: mboni ikuti tsitsi la munthu, lamba ali ndi la hatchi, choncho lambayu si amene mboni ikunena. Ndinawauza kuti ndikuganiza kuti amayiwo akubisa kanthu. Iwo anati n'zotheka, koma ndikudziwa lamulo. Ndikangowauza zimene ndaona, iwo n'kusintha mawu, mawuwo sadzakhalanso ndi ntchito, chifukwa aliyense angathe kuvomereza hatchi atauzidwa kuti ndi hatchi. Ngati pali choti anene, anene okha, ine pakamwa nditatseka. Ndinawapempha kuti awaitanenso Lachisanu adzabwereze mawu awo. Anavomera, koma anandichenjeza kuti akangondiona ndikutsinzinira diso kapena kutsokomola mokayikitsa, anditulutsa panja.

Masiku atatu amenewo ndinali wovuta kukhala naye. Kusunga chinsinsi ndimatha. Chimene sindimatha ndi kuona munthu akutaya chinthu chake ine ndikudziwa pamene chagwera.

Lachisanu anafika ndi basi ya m'mawa. Tinakhala m'chipinda changa, chifukwa cha bambo Pariona chinali kupakidwa utoto. Amayi Eulogia anayamba asanakhale pansi. Anatiuza kuti iwonso anameta lawo pokwatiwa ndi Zenobio, mpaka kunkhongo kunkalowa mphepo, ndipo Zenobioyo lambayo anakamutaya kumowa chaka chisanathe. Anati mayi awo mpaka imfa ankangoti tengera mkulu wako Domitila, amene anapereka tsitsi ndi mtima wonse, n'chifukwa chake Mulungu analibweza lonse pamutu pake ngati silinametedwe.

Amayi Domitila ankangopota nsonga ya tsitsi lawo pachala. Bambo Pariona anawapempha kuti afotokoze okha mmene analukira lambayo. Iwo m'malo moyankha analoza makina anga n'kufunsa ngati angasuzumiremo.

Bambo Pariona analola, bola likhale tsitsi la m'khoma. Ndinaliika, ndinawatsitsira mpando. Anagwira chipewa ndi dzanja limodzi kuti chisagwe, natseka diso lolakwika, kenaka anapeza. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati sankadziwa kuti munthu amasenza mitengo yotere pamutu. Kenaka anafunsa osachotsa diso.

"Mwananga, diso lachitsuloli likaona ubweya wa nkhosa, limadziwa kuti ndi wa nkhosa?"

Ndinayang'ana bambo Pariona. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Limadziwa, amayi."

"Nanga wa lama?"

"Limadziwanso."

Anadzuka pang'onopang'ono, nakonza siketi yawo. Ine manja ndinali nditawakhalira, maso ali kudenga. Anauza mng'ono wawo kuti akaone ngati basi yobwerera ilipo. Amayi Eulogia anati basi ilipo, anaifunsa kale, ndipo sasuntha.

"Chabwino, khala, umve," anatero amayi Domitila. "Bwana, lembani. M'lambamo mulibe tsitsi langa. Muli mchira wa Mora, hatchi ya bambo athu."

Cholembera cha bambo Pariona chinayenda. Ine ndinatulutsa mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lolemba.

Anafotokoza zonse, mawu ali phee. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo pa zinthu zonse za padziko anali ndi chimodzi chokha chonyadira. Sanali wokongola nkhope, sankadziwa kuimba, nsapato analibe, koma akamasula tsitsi pamtsinje anthu ankaima. Tsiku lometa anatenga sizasi, nadzitsekera m'khola la hatchi kuti azilira bwino payekha. Anagwira tsitsi, dzanja linakana. Anayesanso, linakananso. Ndiye Mora anapukusa mchira wake wautali wakuda, ndipo bambo awo anali atapita kumsika. Anaudula, naupota ndi ubweya wochuluka kuti kuuma kwake kusamveke, ndipo miyezi itatu anayenda atafunda nsalu kumutu. Anacleto atafunsa chifukwa chake tsitsi silikuoneka kuchepa, anamuuza kuti lawo ndi lambiri, silionekera.

Amayi Eulogia anaima, manja m'chiuno.

"Munali inu, achemwali? Bambo ankati ndi a Zacarías oyandikana nafe aja. Anafa osapatsana nawo moni chifukwa cha mchira umenewu. Ine Hilario, mwana wa a Zacarías, ankandifuna, bambo n'kumuthamangitsa ndi chikwapu, ine n'kukathera kwa Zenobio. Inu muli chete, mukupesa tsitsi?"

"Ndinkaopa, Eulogia. Poyamba ndinkaopa bambo. Kenaka ndinkaopa iwe."

Anayang'anizana. Ine ndinasendeza mabotolo anga kutali, chifukwa ndinaonapo abale akumenyana pa zinthu zochepa kuposa izi. Koma amayi Domitila anaoneka wamng'ono kwambiri pampando wanga wautaliwo, mapazi osafika pansi. Anati chimene chinkawawawa kuposa zonse si bambo awo, si a Zacarías. N'chakuti Anacleto ananyamuka kupita kumapiri atavala bodza m'chiuno, akukhulupirira kuti mkazi wake ali naye, pamene anali ndi hatchi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwina tsitsi lenileni likanamubweza kunyumba.

Amayi Eulogia anakhala pansi mwamphamvu mpaka mpando kulira. Anapukuta mphuno, nati Hilario anadzakhala ndi akazi atatu m'midzi itatu, ndipo mano anamuthera asanafike zaka makumi anayi, choncho mwina Mora anawapulumutsa. Anati nkhaniyi sinathe, akaipitiriza pa basi. Koma ananena atagwira dzanja la mkulu wawo.

Bambo Pariona anafunsa ngati pali china chimene woluka yekha angadziwe. Amayi Domitila anaganiza, nati mchira wa Mora unali ndi tsitsi loyera pang'ono m'kati mwake. Sanafune kulitaya chifukwa ulusi unali wochepa, choncho analibisa kumapeto kwa lamba, pamene pamayambira chingwe chomangira, n'kupinda nsalu pamwamba pake. Bambo Pariona analemba, anawerenga mokweza, amayi anadinda chala, ndipo pamenepo m'pamene anandilola kutulutsa lamba.

Kumapeto kumeneko ndinali ndisanagwireko. Ndinaika pansi pa galasi lokulitsa, ndinatukula mpindiro ndi singano, ndipo tsitsi loyera linali pompo, lokhuthala, logona mwa ndondomeko ngati analiika dzulo. Ndinaonetsa bambo Pariona. Anati zimenezi ndiye zikumveka, ndipo ndinaona dzanja lawo likusisita thumba limene amasungamo chidindo.

Ndinkati ndibweze lamba, koma diso linakodwa pachingwe chomangira chija. Pafupi ndi pamene chimayambira panali pokulungidwa ndi kanthu kena kopyapyala, kozungulira kambirimbiri, komangidwa ndi mfundo yaikulu yosakongola. Ndinafunsa amayi Domitila ngati anamanga ndi iwo. Anasuzumira, nakwinya nkhope. Anati woluka aliyense angachite manyazi ndi mfundo imeneyo. Ndi mfundo ya anthu omanga katundu pabulu.

Ndinasolola tsitsi limodzi lokha, mosamala kuti mfundo isamasuke, n'kuliika pakagalasi. Linali lopyapyala, lakuda, lalitali kwambiri, mtima wake wodukaduka. La munthu. Ndinalitsatira mpaka kumapeto, ndikuyembekezera kuona podulidwa ndi sizasi, pamene pamaoneka mbee ngati podula phesi. Sipanali podulidwa. Panali kamuzu kouma, kozungulira ngati mutu wa machesi. Tsitsi lozulidwa mwamphamvu muzu wake umakhala wopindika ndi wong'ambika. Muzu wouma chonchi umakhala wa tsitsi limene lagwa lokha, la m'chipeso. Ndinayang'ana nsonga zina zimene zinkatulukira pamfundopo, ndipo zambiri zinali ndi timizu tomweto.

Ndinaliika pambali pa la m'khoma lija, pamakina amene amaonetsa awiri nthawi imodzi. Kukhuthala kumodzi, mtundu umodzi, mtima umodzi. Ndinawauza zonse monga zinalili. Ndinawauzanso, chifukwa ndi udindo wanga, kuti makina anga satchula dzina la munthu, amangonena kuti izi zikufanana, ndipo mawu omaliza adzachokera ku likulu, ku Lima, akakaliyeza. Ndinalankhula zambiri, koma bambo Pariona sananditulutse.

Amayi Eulogia anadzimenya pachipumi. Anati tsopano akumbuka. Chaka choyamba cha ukwatiwo anapeza mlamu wawo kuseri kwa nyumba masanasana, akutokosa m'ming'alu ya khoma ndi munga, kusolola timipira ta tsitsi n'kumatiwongola pabondo. Iwo anayesa akufuna kukapereka kwa sing'anga, ndipo anamuopseza kuti akanena. Anacleto anaseka, nawapatsa chimanga chokazinga cha m'thumba mwake, nati asauze munthu, akungokonza lamba wake kuti akamalumbira asamaname. Iwo sanamve tanthauzo lake, anangodya chimangacho n'kuiwala.

Anacleto anakulira pakati pa mahatchi. Anayamba kupesa michira asanadziwe kuwerenga zala zake. Ayenera kuti anadziwa tsiku lomwelo la ukwati, atangomugwira lambayo m'manja, ndipo anamuvala, namenyapo pamaso pa mudzi wonse, osanena kanthu.

"Ndiye ankadziwa," anatero amayi Domitila.

"Ankadziwa, amayi."

"Ndipo kuphanga kuja ndinali naye."

"Munali naye."

"Galu ameneyu," anatero, misozi ikutsika koma akuseka. "Miyezi itatu kumangondionera ndikuvutika ndi nsalu kumutu, dzuwa lili phwee. Ndinkati n'chifukwa chiyani madzulo aliwonse akufuna kundipesa yekha."

Ine sindilira pantchito, chifukwa misozi imadetsa magalasi a makina. Tsiku limenelo ndinapita m'chipinda cha mashelefu, ndinaima kutsogolo kwa katoni ya 47, ndipo ndinamuuza munthuyo kuti ndamukonda ngakhale sitinakumane. Mwamuna wanga malemu anali wabwino, koma ndikanamupatsa mchira wa hatchi akanaitana abale ake onse kudzaona.

Yankho la ku Lima linatenga masabata asanu ndi awiri. Linati tsitsi la pamfundo ndi la amayi Domitila, kapena la munthu wina aliyense wobadwa kwa mayi mmodzi ndi iwo, chifukwa kuyeza kwa mtundu umenewu kumangotsata mbali ya kuchikazi. Nditawerenga pamenepa, amayi Eulogia anati tisawayang'ane iwo, munthu wonunkha mchere ndi thukuta la lama uja sakanayandikira chipeso chawo. Bambo Pariona anadinda pepala ndi mphamvu zimene sindinaziwonepo.

Tinapereka Anacleto kwa amayi Domitila kumapeto kwa Okotobala, kutatsala masiku anayi kuti tsiku la akufa lifike. Anzanga anayala mafupa m'kabokosi koyera, fupa lililonse pamalo pake, ndipo ine ndinagoneka lamba pakati, mfundo ija ili pamwamba. Tsitsi limene ndinasolola ndinali nditalibweza. Tisanatseke, amayi Domitila anandipempha sizasi.

Ndinadziwa chimene akufuna, ndipo sindinakonde. Komabe si tsitsi langa, choncho ndinawapatsa. Anavula chipewa, nakoka chingwe chimodzi cha tsitsi loyera lija kutsogolo, naika sizasi pafupi ndi khutu. Amayi Eulogia anatseka maso. Tinadikira. Dzanja lawo silinakane ngati kale lija m'khola, ndipo ndikukhulupirira kuti ulendo uno akanadula.

Koma anayang'ana mfundo ija, nabweza sizasi patebulo.

"Ayi. Akanafuna lodula akananena. Ankalikonda lili pamutu."

Anapisa m'thumba la siketi, natulutsa chipeso chamtengo cha mano othyokathyoka. Anamasula tsitsi lonse pamaso pathu, pamaso pa bambo Pariona ndi apolisi awiri, ndipo linagwa kuphimba msana wonse. Anapesa modekha, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati ali pakhonde kwawo. Kenaka anachotsa zimene zinatsalira m'chipeso, anaziwongola pabondo, nazikulunga pachingwe cha lamba pambali pa zakuda zija. Anamanga mfundo yaing'ono, yaudongo, ya munthu wodziwa kuluka, ndipo anauza mwamuna wawo kuti ayang'ane aphunzire.

Amayi Eulogia anawalukanso tsitsi pomwepo, akung'ung'udza kuti basi iwasiya, akukoka mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zikanafunikira. Potuluka, kabokosi kali pamapewa a apolisi, amayi Domitila anabwerera pakhomo langa kudzandiitana kuti ndikabwere ku Sallapata pa tsiku la akufa. Anati akaphika mbatata ndi nyama ya nkhosa mmene Anacleto ankakondera, mchere wambiri, ndipo chaka chino mbale yake akaiika m'mawa saichotsanso.